Bedi ya Pawindo

Lolemba, 6 Malichi 2023

Miyendo ya mkazi wanga Exildah yatsala ngati mipini ya makasu. Chigonere kuchipatala kuno kuyambira pomwe anathyoka chiuno. Lero dokotala wa kafukufuku wati akufuna kuyesa njira yatsopano: atenge mafuta pang'ono pamimba pa wodwala, achotsemo maselo, awabaye m'miyendo kuti minofu ibwerere. Sanalonjeze kuti zigwira. Ndinamuuza atenge anga, mimba ilipo yokwanira wodi yonse. Asankha awiri, Exildah ndi ba Agness a ku Kabwata, a bedi ya pawindo. Ba Agness anaomba m'manja.

Lachiwiri, 7 Malichi

Pabenchi panja, Chomba, mwana wa ba Agness, anandifunsa kuti mafuta otsala amapita kuti. Ine nkhope gwa, ndinati amapita ku Kabulonga, kwa anthu olemera, a sataniki amapukutira magalimoto, n'chifukwa chake amawala chonchija. Ndinadikira kuti aseke. Anadzuka kukaimba foni.

Lachinayi, 9 Malichi

Bedi ya pawindo yayalulidwa. Chomba anabwera ndi abusa dzulo, n'kuwanyamulira ba Agness mutekisi akulira. Exildah sanakalipe. Maso kudenga, anangoti, "Ba Killian, thupi lakalamba. Pakamwa pakalamba liti?"

Nesi akuti malo a ba Agness awasungira mpaka Lolemba.

Lachisanu, 10 Malichi

Ndafika pageti pawo ku Kabwata. Ndabwerera. Galu sanauwe n'komwe.

Loweruka, 11 Malichi

Lero ndalowa. Chomba anandipatsa mpando wa khushoni, mkazi wake anagwada ndi tiyi wa mkaka. Akuti ndapulumutsa mayi awo, dzina langa analitchula kumapemphero. Ndinaika kapu pansi. Ndinavula chipewa, ndinati linali bodza, nthabwala za nkhalamba yopusa, mkazi wanga yemwe akumubaya Lolemba ndipo ndasaina ndine monga mboni.

Chomba anayang'anana ndi mkazi wake. Kenako Chomba, motsitsa mawu ngati akulankhula ndi agogo ake: "Tamvela, ba shikulu. Akuopsezani. Osawopa, sitizauza munthu."

Ndinalumbira pali Mulungu, pali manda a mayi anga. Ndikamalumbira, iwo amangopukusa mitu mondimvera chisoni. Anandiwonjezera shuga.

Ndikutuluka, mawu anachokera kuchipinda, chitseko chili chotseka. Ba Agness.

"Ba Killian, mukauze nesi malo anga asapatse munthu."

Chomba anakweza wailesi.