Ndaboola Chipinda Chako

Amaveni, Kwekwe
19 Okutobala 2008

Wokondedwa mlongo wanga Nehemiya,

Uli bwanji ku Joniko? Mwendo uja unapola? Ife kuno tilipo, kungoti bambo chifuwa chawo cha fumbi la mumgodi chakula.

Kutentha kwa mwezi uno ukukudziwa wekha. Asibesitasi wa padenga akuotcha ngati chiwaya. Magetsi amabwera mwamwayi, ndiye fani unatumiza ija yangokhala pakona, tikupachikapo chipewa cha bambo. Zvakaoma, zinthu zavuta, monga anenera anzathu Achishona kuno.

Mayi Eveline a nyumba yoyandikana anandilangiza zonyowetsa masaka, akuti mphepo ikadutsa pa saka lonyowa imazizira. Pampopi madzi palibe, choncho ndinkapita kumjigo katatu pa tsiku. Ndinapachika masaka pazenera, pachitseko, ngakhale kumutu kwa bedi, n'kutseka paliponse kuti kuzizirako kusathawe. Ndinkadziona wanzeru. M'chipindamo munangodzaza chinyezi, bambo n'kumabanika. Masiku awiri ndinkawaphika osadziwa.

Tsiku lachitatu bambo anandiitana. Paja zaka makumi awiri ntchito yawo inali yoyendetsa mpweya pansi pa mgodi. Anati mphepo ndi mlendo wamanyazi, salowa m'nyumba imene sakuona potulukira. Anatinso saka limaziziritsa mphepo yoyenda, osati yokhala. Kenako analoza ndi ndodo zenera lakumadzulo, lija unatseka ndi njerwa pomanga chipinda chako.

Nehemiya, chipinda chakocho ndachiboola.

Ndikudziwa kuti unachimanga ndi manja ako kuti mudzafikiremo ndi Yeukai mukadzakwatirana. Sindinakufunse chifukwa ndimakudziwa: kalata kupita, kalata kubwera, iwe ukuganizabe, munthu akubanika. A Yafeti, omanga nyumba aja, anabwera ndi hamala. Tinachotsa njerwa za pazenera, n'kuboolanso khoma lako lakunja, m'mwamba pafupi ndi denga pamene bambo anatiuza, poti mpweya wotentha umakwera. Bowolo si laling'ono, mbuzi itha kudutsapo. Pulasitala wako wang'ambika mpaka pansi.

Tsopano saka ndi limodzi lokha, pazenera lakummawa. Mphepo imalowa yozizira, imadutsa pabedi, n'kutulukira kwako. Dzulo masana bambo anagona maola atatu osatsokomola, atadzuka anapempha tiyi. Ndinakakhala pakhonde n'kulira, sindikubisa.

Kalipa ngati ufuna, ndimva. Koma usatumize simenti. Bowolo ndidzatseka ndekha tsiku limene bambo sadzalifunanso. Anesi a kuchipatala anandikokera pambali n'kundiuza kuti mwina Khirisimasi saiona. Bwera ukadali wokwiya, udzapeze chipinda chako chili chobooka. Ukadzachipeza chotseka, ndiye kuti wachedwa.

Mulungu akusunge kumeneko. Upereke moni kwa amalume a Nedson ndi ana awo onse.

Ndine mlongo wako,
Loyce