Mjigo wa Pasukulu Pathu

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumene muliko?

Kuno ku Feira kutentha ndi komwe kuja munakusiya. Masau abereka kwambiri chaka chino, koma chimanga cha kudimba njovu zinatha kudya. Mkazi wa mchimwene wanga Zuze ali ndi mwana wamwamuna, mphuno ndi yanu yeniyeni.

Pali nkhani imene ndakhala ndikuzengereza kukuuzani. Tereza, mwana woyamba wa Zuze, uja munkamuluka tsitsi pakhonde, tsopano akuyendera ndodo.

Mjigo wa pasukulu yomwe ndimaphunzitsa unayamba kulira inu mukadali moyo. Pa miting'i tinkautchula ndithu. Wina ankati tidikire a ku boma, wina ankati madzi akutulukabe, basi n'kupita ku nkhani ina. Panalibe amene anauzidwa kuti ntchito youkonza ndi yake. Tsiku limene mjigowo unafa, ana anatumidwa ku Zambezi ndi zigubu kuti phala liphikidwe. Ng'ona inamugwira Tereza m'madzi olekeza m'mawondo. Asodzi anaimenya ndi nkhafi mpaka inamusiya, koma kuchipatala mwendo sunapulumuke.

Nditapita kukamuona sanalire. Anangondifunsa kuti, "Anti, netibo ndidzasewerabe?" Ndinakumbuka inu, kuti chitseko chikangoyamba kulira munkati, "Kapakeni mafuta tsopano, osati mawa," ife n'kumanyinyirika.

Ngozi itachitika kunabwera anthu ochokera ku Lusaka. Anatiphunzitsa kuti temu iliyonse tizizungulira sukulu yonse n'kumafunsana: chingawonongeke n'chiyani, angapwetekeke ndani, nanga woyang'anira ndani? Tinapeza khoma la chimbudzi litang'aluka, ndi malata a kalasi ya giredi wani atazuka misomali. Takonza. Zitsulo za mjigo tikusunga zapadera, ndipo tagwirizana kuti madzi akasowa ana azipita kwawo, osati kumtsinje. Zonsezi n'zabwino, Amayi, koma chimandiwawa n'chakuti palibe chimene chinkafuna munthu wa ku Lusaka. Maso tinali nawo.

Zuze sanandinenerepo mawu oipa. Amangondipatsa moni ngati mlendo, ndipo zimenezo zimapweteka kuposa kukalipiridwa.

Tereza akuti abwerera kusukulu temu ikubwerayi. Ndikulonjeza kuti ndizimutenga panjinga m'mawa uliwonse, ngakhale atate ake asandilankhule, mpaka adzamalize.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Rozina