Munga mu nsomba ya Amayi

Lachinayi. Kwazizira tsiku lonse, mphepo yochokera ku nyanja ya Chiuta.

Zala ziwiri za kumanja zikadali dzanzi. Nditagulitsa nsomba za makumba ku msika wa ku Entre Lagos, ndinapita kwa Che Saidi, owongola msana aja, kuseri kwa siteshoni. Ndinawaonetsa dzanja, iwo n'kutuluka kukayang'ana njinga yanga. Akuti chishalo chadyeka mbali imodzi chifukwa dengu la nsomba ndimalimanga lopendekera, ndiye zaka zonsezi ndimapalasa khosi lili chokhota.

"Achimwene, dzanjali lilibe mlandu," anatero. "Vuto latsikira kuchokera m'khosi."

Anandigoneka pa mkeka, kundisinika m'mapewa, kenako kundipotoza mutu. Khosi linalira ngati kamtengo kouma. Kupepuka ndapepukako, koma zala sizinasinthe. Akuti zikapitirira ndisazengereze, ndipite kuchipatala.

Pa chakudya chamadzulo ndinawachotsera Amayi minga m'nsomba monga mwa masiku onse, poti maso awo anafa kale. Ntchito imeneyi sindiyang'ana n'komwe, zala zimaona zokha. Lero Amayi anasiya kutafuna, n'kutulutsa munga wautali m'kamwa, n'kuuika pambali pa mbale.

"Wayamba kufulumira, mwanawe," anatero.

Ndinavomera kuti ndinafulumira. Sindinafulumire ayi. Mnofu wa nsomba uja ndinaufinya kawiri konse, mungawo sindinaumve.

Mawa dengu ndimanga pakati penipeni. Za nsomba ya Amayi, mwina ndipemphe mayi a ana kuti iwo ndi amene aziwachotsera minga. Koma Amayi akafunsa chifukwa chake...