Makina opumira a apongozi

Bambo a Fadhila,

Ndathamangira ku Kasakula, lole ya katundu wa mushopu yafika msanga. Pepani, sindinakudikireni.

Ndaimbira adokotala a bambo anu. Akuti makina owathandiza kupuma akagona aja sanawonongeke ayi. Anatcheredwa molingana ndi kwawo ku Salima, koma kuno n'kumapiri, mpweya ndi wopepuka. N'chifukwa chake mkonono wayambiranso ndipo akumadzuka mutu ukuwawa. Akuti pa makinapo, pamene pali chithunzi cha phiri, musinthe 1 akhale 2, asanagone masana ano. Kwinako musakhudze, ndimakudziwani inu!

Mukatero mukamasule tonde uja. Ndinamumangirira kudimba poganiza kuti phokoso lonselo ndi iye, osadziwa kuti ndi apongozi. Chonde musawauze.

Ine,
Tahira