Zodabwitsa za Bambo a Tadala

Lolemba, 5 Meyi

Mpunga wayamba kucha, mbalame zadziwa kale. Ine m'munda kuyambira m'bandakucha, kukuwa mpaka mawu kusasa. Bambo a Tadala pa khonde ndi foni imene Tadala anawatumizira kuchokera ku Blantyre. Pobwerera andilonjera ndi nkhani: diso la nthiwatiwa akuti ndi lalikulu kuposa ubongo wake. Ndawayang'ana m'maso. Aakulu ndithu.

Lachitatu, 7 Meyi

Za lero: ng'ona siitha kutulutsa lilime. Mwayi wake mkazi wa ng'ona.

Ndiwo matemba. Akuti matimati ndathiramowo ndi chipatso, ngati mango. Adya chipatsocho mpaka kupukuta mbale.

Loweruka, 10 Meyi

Andiuza kuti mlamba umapuma mpweya, umathanso kukwawa pamtunda. Kundiuza ine, mwana wa msodzi, amene ndinakula ndikutola milamba m'matope a Chilwa. Ndangoti, "Ooh, zoona?" Asangalala tsiku lonse.

Komabe ndisaname. Zaka makumi awiri ndi zisanu munthuyu pakudya samayankhula, koma "madzi" ndi "mchere". Pano amandiyang'ana akamafotokoza. Mwina ndikuzikonda pang'ono.

Lachiwiri, 13 Meyi

Apitanso ku Songani, kachitatu, kukafunsa mtengo wa mpunga. Mpunga wake uli m'mimba mwa mbalame. Malaya osita, nsapato zopolisha. Potuluka akuti mawu oti nsapato, mbatata ndi kalata anachokera kwa Apwitikizi. Sindinafunse kuti sopo wonunkhirayo wachokera kwa ndani.

Lachisanu, 16 Meyi

Palibe chodabwitsa lero. Dzulonso palibe. Akuti bandulo yatha. Koma foni ikulirabe, iwo nkumakayankhira kuseri kwa khola.

Lachiwiri, 20 Meyi

Ndinapita ndekha ku Songani kukagula zitenje za chinkhoswe cha Tadala. Ndinalowa m'tiyirumu ina. Mwini wake dzina Rahima, wansangala, mano oyera, tiyi wabwino, sindingamunamizire. Akundiikira mbatata m'mbale nkuti, "Mayi, mukudziwa kuti mawu oti mbatata ndi Chipwitikizi?"

Ndinaika kapu pansi.

Ndinafunsa wamuphunzitsa ndani. Kuseka mwamanyazi. "Bambo ena a ku Likangala, anamwalira akazi awo, anzeru zedi."

Ku Likangala ndi kwathu. Ndiye ndinamwalira. Palibe anandiuza.

Ndinakhalabe, maliro ndani amawathamangitsa. Anandiuza za nthiwatiwa, za ng'ona, zonse mwa ndondomeko yake. Kenako china chachilendo: chiswamphika chachikazi nthawi zina chimadya chachimuna akamaliza kukwatana, kuyambira kumutu. Chimenechi kunyumba sichinafike.

Ndinalipira tiyi. Dzina langa sindinatchule. Mu basi misozi, mayi wina nkundipatsa nthochi.

Lachitatu, 21 Meyi

Ndapha nkhuku, Lachitatu wamba. Adabwa, koma asamba m'manja msanga. Ali pakati pa ntchafu ndati, "Bambo a Tadala, za chiswamphika bwanji munandibisira?"

Abweza ntchafu ija m'mbale.

"Wakuuzani ndani?"

"Ife akufa timamva zambiri."

Nkhuku yatsala yonse. Panopa ali m'munda, koyamba chaka chino, akuingitsa mbalame. Mawu awo akumveka mpaka kuno. Foni aiiwala pa mpando, yalira kawiri. Ikalira kachitatu ndiyankha.