Masitepe Opapatiza

Mphwanga,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino kumeneko ndi alamu. Kuno tilipo. Akulemba ndi mpongozi wanga, ine ndikungoyankhula, poti cholembera sindinachigwirepo.

Mwana wanga wandisamutsira m'tinyumba tatsopano tosanjikizana, pamwamba penipeni, ati lendi yake ndi yotsika. Bedi amalipindira kukhoma, tebulo chimodzimodzi. Wojambula pulani yake anabwera kudzanyadira, ati, "Bambo, muno chilichonse chimapindika." Ine ndinati, "Nanga munthu akauma, amapindika?" Anangoseka.

Zaka makumi anayi ndamanga nyumba popanda pepala, koma sindinamangepo masitepe oti bokosi lalitali lilephere kukhota. Awa ndawayeza kawiri ndi chingwe changa. Silingakhote.

Chifuwa chija chilipo, koma si nkhani. Achipatala andiitananso. Ndakana, zomwe ananena tsiku lija zakwana. Apa mpongozi waimitsa cholembera, akuti ndisamayankhule choncho. Lembani, mayi.

Ubwere mwezi uno, usadikire wamawa. Zenera la kuchipinda ndaliyezanso, ndi lokwanira. Ubweretse chingwe cholimba, upezenso amuna anayi amphamvu. Ine asadzanditsitse choimirira ngati kabati.

Ndine mkulu wako.