Mpata wa Bambo Sauthira Simenti

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi likuti bwanji? Kuno ndili bwino, kungoti pakamwa m'pamene pali nkhani, monga mukudziwa.

Tsiku lija munaimba foni ndinangoti ndamva chifukwa bwana anali pafupi. Koma sindinavomere ayi, n'chifukwa chake ndalemba.

Dzino lakutsogolo lija linapita basi. Nditaterereka m'chipinda chochapira ku hotela kuno, ndinamenyetsa pakamwa pa chitsulo cha ngolo yonyamulira nsalu, ndipo muzu unasweka. Analizula. Anzanga akuntchito akunditchula Magweru, ine n'kumawayankha ndi kuseka komweko.

Dokotala wa mano anandipatsa njira ziwiri. Yoyamba amaitcha buliji. Amapala mano awiri oyandikana ndi gwerulo mpaka atsale ngati tizitsa, kenako n'kuvekapo mano atatu olumikizana. Zimenezi sizichedwa, pofika ukwati wa mng'ono wathu ndikanakhala nditatha. Njira yachiwiri amaboola fupa la nsagwada n'kuikamo kachitsulo konga sikuluwu. Umadikira miyezi ingapo kuti fupa likagwire, kenako amamangirirapo dzino limodzi loima palokha.

Inu mwati ndisankhe yachanguyo kuti ndisachititse manyazi pa zithunzi. Azakhali nawo anatumiza uthenga woti akuchimuna ndi anthu ophunzira, asaone ngati kwathu timamenyana. Achemwali, zandipweteka. Ndasankha yachiwiri, ndipo kachitsuloko kanalowa kale sabata yatha. Tsaya linatupa ngati ndabisamo ndimu, koma tsopano laphwa.

Mano awiri amene akufuna kupalawo sanalakwe kanthu. Sanandiwawepo chibadwire. Ndiwaphe chifukwa cha tsiku limodzi? Komanso ndinafunsa dokotala ngati buliji ingasiye mpata wanga uja wa pakati pa mano akutsogolo. Anandiuza mosabisa kuti sizingatheke, popeza manowo amakhala ogwirana, ndipo anawonjeza kuti ambiri amasangalala mpata ukatsekeka. Ndinamuuza kuti ambiriwo si ana a bambo anga.

Mwa ana onse, mpata umenewu ndinatengera ndine ndekha. Inu munatenga msinkhu wawo, achimwene anatenga mawu. Mukukumbuka mmene bambo ankandinyamulira n'kumauza alendo kuti uyu yekha sangamukane ngakhale kukhoti? Atamwalira, njinga yawo inagulitsidwa, jekete lija linadyedwa ndi njenjete. Chimene ndinatsala nacho ine ndi chimene ndimachiona pagalasi m'mawa ndikamatsuka mkamwa. Ndiye ndikachitseke ndekha kuti apongozi a mwini asangalale?

Dokotala anandipatsa kadzino kapulasitiki kongoyembekezera. Ndikakavala ndimalankhula ngati ndili ndi mbatata yotentha mkamwa, ndipo tsiku lina ndikuseka kanagwera m'mulu wa mapilo, tinakasaka anthu atatu. Kali m'kapu pawindo, ku ukwati sikabwera.

Choncho auzeni azakhali kuti ndikubwera ndi gweru langa. Sindikaima kumbuyo, sindikaphimba pakamwa ndi mpango, ndipo wojambula akati tiseke ndikaseka mpaka nkhama kuonekera. Mkwatibwi mwiniwake ndinalankhula naye, anati bola ndibwere, ngakhale wopanda dzino ndi limodzi lomwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, dzino lidzabwera nthawi yake.

Pempho langa ndi limodzi. Pakhoma la kuchipinda kwa amayi pali chithunzi chija bambo atandikhazika pa chimango cha njinga, tonse tikuseka. Apempheni amayi mwaulemu, muchichotse m'galasi mwake kuti chisanyezimire, muchijambule pafupi ndi foni n'kunditumizira. Wopanga mano akuti akufuna kuona mpatawo mmene unalili kuti asadzapange dzino lalikulu kwambiri. Ndinamuuza kuti akalephera kuona bwino pakamwa panga, ayeze pa bambo, n'chimodzimodzi.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, achimwene ndi akazi awo, ana onse, ndi azakhali omwe, ngakhale andikwiyitsa. Mkwatibwi mumuuze asaonde ndi maganizo.

Amayi akafunsa chifukwa chake ndikuuma mutu chonchi, muwauze kuti ndikufuna akadzandiona ndikuseka, adzawaonenso amuna awo.

Ndine mng'ono wanu,
Phwete wa bambo